Makina akamadwala n'kumaonetsa zachilendo mu gemu, tizitchebe glitch?

Nankafumbwe

Abale, ndithandizeni kuweruza mlandu, chifukwa ine ndi mng'ono wanga tatsala pang'ono kusiya kuyankhulana kaamba ka vidiyo ya masekondi 50.

Kwa zaka zitatu tsopano awirife tili ndi kampikisano kathu kosaka ma glitch. Wina akaona chachilendo mu gemu amachijambula, n'kuchiponya mu foda imene timagawana, ndipo amapeza pointi imodzi. Mufodamo muli mavidiyo 61. Iye ali ndi 31, ine 30. Mwaona kale kumene nkhaniyi ikulowera.

Lachiwiri usiku ndimasewera gemu ya mpikisano wa magalimoto, imene ndimaidziwa ngati chikhatho changa, pa kompyuta yanga ya padesiki ya zaka 7. Patatha mphindi ngati 40, pamsewu panayamba kutuluka timabokosi tobiriwira, ting'onoting'ono ngati nthomba, tikuphethira. Ndinati mwina ndi maso anga, pajatu kunali kutada. Kenako chitseko cha galimoto imene inali patsogolo panga chinatamuka n'kusanduka minga italiitali yolasa kumwamba. Mitengo ya m'mbali mwa msewu nayo inayamba zomwezo, mpaka thambo lonse linadzaza mizere ngati ukonde wa kangaude. Ndikadali kukamwa yasa, ndinafika pa mlatho wa raundi yachitatu, ndinakhula chipupa cha kumanzere, ndipo galimoto yanga inaboola pansi n'kumangogwa mumdima wopanda mapeto, sipidi ikuwerengabe 212. Mwamwayi pulogalamu yojambulira inali yoyatsa.

M'mawa mwake ndinaiponya mufoda muja monyadira, n'kulemba kuti 31 kwa 31. Mnyamatayo anaionera kawiri, n'kundiyankha kuti, "Akulu, iyi si glitch. Iyi ndi kompyuta yanu ikutsanzika." Akuti graphics card yanga, khadi ya mu kompyuta imene imajambula zithunzi za pa sikirini, yayamba kufa, ndipo zimene makina akufa akuonetsa sizingawerengedwe, chifukwa gemuyo sinalakwe kalikonse. Akuti tikalola zimenezi, iye mawa athira madzi pa laputopu yake n'kupeza mapointi khumi tsiku limodzi.

Ine mfundo yanga ndi yakuti glitch ndi chilichonse chimene gemu yachita chimene oipanga sanafune kuti ichite. Ine sindinathire madzi, sindinagwedeze waya, sindinasinthe fayilo iliyonse. Ndimangosewera, gemu n'kuchita zamisala pamaso panga. Wosewera amaona sikirini, saona za mkati mwa bokosi. Ndipo kunena zoona, mwa mavidiyo 61 aja palibe yokongola ngati iyi. Yake ina imene anapezera pointi ndi ya munthu amene phazi lake lalowa theka mu sitepe. Imeneyo ikhale glitch, thambo langa la kangaude lisakhale?

Ndiye funso langa ndi ili: zolakwika za mu gemu zobwera chifukwa choti chipangizo chikuwonongeka, kaya ndi graphics card, RAM (memory ya kompyuta), katiriji (kabokosi kosungiramo gemu) yadzimbiri kapena disiki yokalika, ndi ma glitch kapena ayi? Ndipo ngati si ma glitch, dzina lake ndi chiyani? Tagwirizana kuti zimene ambiri anene pano ndi zomwe titsatire.

Gogo8bit

Mwana wanga, pepa, koma mng'ono wakoyo wanena zoona.

Ine muyeso wanga ndi umodzi basi, ndipo sunandinamizepo: tenga gemuyo, ukaiike m'makina ena abwinobwino, uchite ndendende zimene unachita. Zikachitikanso, ndi glitch. Zikapanda kuchitika, ndi matenda a makina ako.

Taona ma glitch amene dziko lonse limawadziwa. Pac-Man ya 1980 ukafika pa levulo 256, theka la kumanja la sikirini limadzaza zilembo ndi manambala osokonekera, ndipo sungathe kuimaliza levuloyo. Chifukwa chake n'chakuti nambala ya levulo imasungidwa m'ma bit 8 (timalo 8 tosunga 0 kapena 1), amene amathera pa 255. Ikadutsa pamenepo imabwerera pa 0, ndipo kachigawo kojambula zipatso pansi pa sikirini kamayesa kujambula zipatso 256 n'kupaka paliponse. Makina akhale atsopano ochokera kufakitale dzulo, akhale a zaka 40, ukafika pamenepo uona zomwezo. Cholakwacho chinalembedwa mu gemu momwemo.

MissingNo., chilombo chosokonekera cha mu Pokémon Red ndi Blue, n'chimodzimodzi. Uyankhule ndi bambo wachikulire wa ku Viridian City kuti akuonetse kagwiridwe ka Pokémon, uuluke kupita ku Cinnabar Island, usambire m'mphepete mwa gombe la kum'mawa. Gemu inali itasunga dzina lako mongoyembekezera pamalo amene imasungira mndandanda wa Pokémon za m'tchire, ndiye pagombe paja imawerenga zilembo za dzina lako ngati kuti ndi zilombo. Ukakumana ndi MissingNo., katundu wako wa nambala 6 amachuluka ndi 128. Ndakupatsa njira yake m'mizere itatu, ndipo aliyense amene ali ndi gemuyo angathe kuitsata. Iwe ungandipatse njira ya thambo lako la kangaude? Uyambira pati, "pezani kompyuta ya zaka 7 imene fani yake yatsamwa ndi fumbi"?

Ife a nthawi ya makatiriji zimenezi tinkazisiyanitsa osaganiza n'komwe. NES, konsolo yakale ya Nintendo, inali ndi cholumikizira cha mapini 72 chimene chinkafooka ndi kudetsedwa pakapita nthawi. Chikatero kagetsi kofiira kankangophethira, kapena gemu inkayamba koma zithunzi zili zidutswazidutswa. Anthu ankatulutsa katiriji n'kuiuzira mpweya, ngakhale kuti chinkathandiza kwenikweni ndi kuitulutsa n'kuibwezera kumene, ndipo chinyezi cha m'kamwa chinkangowonjezera dzimbiri. Palibe ankathamangira anzake kukanena kuti wapeza glitch. Tinkati katiriji yada. Koma munthu akalowa mu Minus World, levulo yobisika ya Super Mario Bros., podutsa m'khoma la kumapeto kwa 1-2, ameneyo ndiye tinkamuzungulira kuti atiphunzitse.

Pointi ibwezedwe.

MayiWaSoda

Agogo, ndi ulemu wonse, pa mawuwo sindikugwirizana nanu. Ine ntchito yanga ndi yokonza ma board, ndipo zimandiseketsa kuona anthu a magemu akulanda mawu athu kenako n'kutithamangitsa pakhomo.

Mawu akuti glitch sanayambire ku mapulogalamu. Anthu a mawayilesi ndi a kanema ankawagwiritsa ntchito kalekale magemu kulibe, ndipo John Glenn, yemwe anazungulira dziko lapansi m'chombo cha m'mlengalenga mu 1962, anawafotokoza ngati kudumpha kapena kusintha kwadzidzidzi kwa mphamvu ya magetsi mu waya. Mpaka lero kwa ife glitch ndi kakudumpha kakafupi ka siginolo kamene sikamayenera kukhalapo. Nawo mawu akuti bug: nkhani yotchuka ija ya pa 9 September 1947 ndi ya kagulugufe ka usiku kamene kanapanikizika mu relay (swichi ya magetsi) ya kompyuta ya Harvard Mark II, akatswiri n'kukamata m'buku la ntchito. Palibe amene analakwitsa khodi (malangizo olembedwa a pulogalamu) pamenepo. Chinali chinthu chogwirika chimene chinatseka chitsulo. Ndiye tikati titsate kumene mawu anachokera, zimene achimwene a Nankafumbwe aona ndi glitch kuposa Pac-Man yanuyo.

Ndikudziwa kuti mawu amayenda, ndipo osewera ali ndi ufulu wowapatsa tanthauzo lawo. Ndangofuna kuti tisamanene ngati kuti tanthauzo lanulo linagwa kumwamba.

Tsono achimwene, musiye kaye za pointi, tikambe za khadi yanu, chifukwa ine imeneyo ndi imene yandidetsa nkhawa. Zimene mwafotokozazo ife timati ma artifact. Timabokosi tobwerezabwereza mwadongosolo kawirikawiri timaloza ku memory ya pa khadi, VRAM. Minga yotamukayo imabwera motere: chinthu chilichonse mu gemu ya 3D chimapangidwa ndi timakona atatu tambirimbiri, ndipo nsonga iliyonse ili ndi manambala onena pamene ili. Nambala imodzi ikawonongeka, nsonga ya chitseko imene imayenera kukhala pafupi ndi inzake imapezeka ili kutali kumitambo, ndipo khadi imajambula mokhulupirika mzere wochoka pachitseko kukafika kumeneko. Khadi siidziwa kuti chitseko chimaoneka bwanji. Imangomvera manambala.

Poti mwajambula ndi pulogalamu osati ndi foni, ndipo zachilendozo zaoneka mu vidiyo, monita ndi kebulo yake tazichotsa kale pa mlandu. Vuto la kebulo silimalowa mu screenshot. Chitani izi: tsegulani pulogalamu yoonetsa kutentha kwa GPU, chip yaikulu ya pa khadi, mukusewera, muone kuti timabokosito tikuyamba pa madigiri angati. Yesani gemu ina yolemera. Ngati munakwezapo liwiro la khadi, libwezereni mmene linalili. Chotsani madalaivala, mapulogalamu oyendetsa khadi, n'kuikanso ena, chifukwa nawo amatha kubweretsa zofananazo. Ndipo yang'anani ngati mafani onse a pa khadi akuzungulira. Zoti zimayamba patatha mphindi 40 osati poyamba pomwe, zikundinunkhira kutentha.

Koma pali chimodzi chimene sichikundikwanira. Kugwa kwa pa mlatho kuja. M'magemu ambiri, kuwerengera kuti galimoto yagunda chipupa kapena ili pamsewu ndi ntchito ya CPU, ubongo wa kompyuta, osati ya khadi. Graphics card yodwala imanamiza maso, koma siikumba dzenje mumsewu.

Nankafumbwe

Agogo, mwandipweteka, koma ndamva. Za fani yotsamwa ndi fumbi zija munalosera kapena munandiona?

Mayi, ndachita zimene munanena. Khadi ili ndi mafani awiri, ndipo imodzi siikuzungulira n'komwe. Ndaikankha ndi chala, yazungulira katatu n'kuima. Kutentha kumayamba pa 60, kumakwera pang'onopang'ono, ndipo timabokosi tayamba kuoneka itadutsa 90. Ndayesa gemu ina yowomberana, namonso nkhope za adani zatuluka minga patatha theka la ola. Ndiye pamenepo ndagonja, khadi ikudwaladi. Mng'ono wanga ndamuuza, ndipo chikhakhali chimene waseka sindichiiwala msanga.

Koma ndikanali ndi funso. Agogo akuti muyeso ndi kubwereza. Ine ndikhoza kubwereza! Ndikatseka bokosi n'kusewera mphindi 40, minga imabwera tsiku lililonse osaphonya. Ndiye ili ndi njira yake, kungoti njirayo imadutsa pa kompyuta yanga. Zikusiyana pati ndi glitch imene imachitika pa mtundu umodzi wokha wa katiriji, monga zija zimangopezeka mu gemu ya ku Japan koma ya ku America ayi?

Liwiro

Amwene, funso lanu lachiwirili ndi limene ife a speedrun, opikisana kumaliza gemu mwachangu, takhala tikukanganirana kwa zaka, ndipo musaganize kuti tinalimaliza.

Nkhani imene aliyense amayambira ndi ya Super Mario 64. Mu 2013 wosewera wina ali pa mpikisano, mu levulo ya Tick Tock Clock, Mario anangozimiririka pamene anali n'kupezeka ali pamwamba kwambiri, popanda chifukwa chooneka. Zinajambulidwa, anthu anaziona. Zikanakhala zotheka kuzibwereza zikanasintha kathamangidwe ka levuloyo, moti pannenkoek2012, yemwe amadziwika ndi kufukula za mkati mwa gemuyi, analonjeza madola 1,000 kwa aliyense amene angasonyeze njira yake. Anthu anayesa kutsanzira kudina kulikonse pa emulator (pulogalamu yotsanzira konsolo pa kompyuta), osatheka. Chimene chinayandikira kwambiri ndi pamene anasintha dala bit imodzi yokha mu nambala yosunga kutalika kwa pamene Mario ali, byte yoyamba kuchoka pa C5 kukhala C4. M'ma binary ndi 11000101 kusanduka 11000100. Kadontho kamodzi. Apa ndi pamene panabadwira nkhani yoti kanthu kochokera m'mlengalenga, ma cosmic ray, kanamenya memory ya makinawo. Anthu amaikonda nkhani imeneyi chifukwa ndi yokoma kuikamba, koma ambiri amene amawadziwa makinawa amaloza ku chinthu chosasangalatsa: konsolo kapena katiriji yotopa. Mulimonsemo, anthu onse amaitchula kuti glitch, Agogo, ngakhale palibe anaibwerezapo ndi padi yosewerera m'manja.

Ndiye pali zochita dala. Pa Nintendo 64, ukapendeketsa katiriji pang'ono gemu ili mkati, mapini ena amasiya kukhudzana ndipo deta imafika yoduka. Mu GoldenEye 007 anthu ndi ndege zimayamba kuzungulira ngati zagwidwa ndi mizimu. M'magemu a Zelda anthu ankadutsa nazo malo otsekedwa. Magulu ambiri a speedrun amaletsa zimenezi, osati chifukwa si glitch, koma chifukwa umakhala ukusewera ndi makina m'malo mosewera gemu, komanso ukhoza kuwononga katiriji. Koma si onse amaletsa. Mu 2020 othamangitsa Dragon Quest III ku Japan anadabwitsa anthu poika Famicom, NES ya ku Japan, pa hot plate. Njira yawo imafuna kuzimitsa ndi kuyatsa makina mwachangu, ndipo zimene zimatsalira mu memory panthawiyo zimadalira kutentha kwa makinawo. Enanso a SpongeBob SquarePants: Battle for Bikini Bottom anapeza kuti disiki yokhala ndi zidindo za zala pamalo ena imachedwetsa kuwerenga mokwanira kuti njira ina yodutsira m'makoma ikhale yosavuta.

Taonani bwino ziwiri zomalizazi. Bowo lili mu gemu, koma kiyi wake ndi makina amene sakugwira ntchito mmene anapangidwira. Muziika mbali iti?

Ndipo "makina abwinobwino" amene Agogo akunenawo akusowa chaka ndi chaka. Mu 2025 gulu la TASBot linasonkhanitsa miyeso kwa eni ma Super Nintendo n'kupeza kuti kachipangizo ka ceramic kosunga nthawi ya gawo la mawu kakuthamanga kuposa mmene kanapangidwira, ndipo kakusiyana konsolo ndi konsolo. Makina a zaka zoposa 30 onse ndi okalamba, kungosiyana pokalambira.

Kwa ine yankho la funso lanu ndi ili: glitch ya katiriji ya ku Japan aliyense angathe kuipeza pogula katiriji yomweyo, ndipo ya mawa idzafanana ndi ya lero. Khadi yanu ilipo imodzi padziko lonse, ndipo mwezi wamawa idzakhala itawonongeka mosiyana ndi lero. Dzina ndikupatsani, ndi glitch. Pointi pa mpikisano sindingakupatseni.

Kachiwala

Ine padi yanga ndodo ya kumanzere imadzikokera yokha kutsogolo, moti ndikaisiya patebulo munthu wanga amayenda yekha mpaka kukagwera kuphompho. Ngati ya a Nankafumbwe ilowe, inenso mundilembe, ndili ndi mapointi 400.

Khodi256

Ndiyankhe ngati munthu amene amalandira madandaulo a osewera, chifukwa ndimalemba mapulogalamu ndipo ndinagwirapo ntchito pa kagemu kena kakang'ono.

Kwa ife funso si lakuti dzina lake ndi chiyani. Funso ndi lakuti akonze ndani. Lipoti likafika, ndimafuna kudziwa ngati ndingasinthe mzere wa khodi kuti vutolo lithe. Ngati ndingathe, ndi langa. Ngati sindingathe, ndimalitseka n'kumuuza munthuyo kuti ayeze RAM yake ndi pulogalamu ya MemTest86. Chovuta n'chakuti kunja ziwirizi zimavala malaya ofanana.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi Pokémon Ruby ndi Sapphire. Makatiriji oyambirira anali ndi cholakwika mu khodi yowerenga masiku, moti pakatha chaka chimodzi zinthu zodalira nthawi zinkaima, ma berry (zipatso zodzala mu gemu) osakulanso. Anthu anaitcha berry glitch, ndipo Nintendo inatulutsa njira yoikonzera, ina yake polumikiza ndi magemu a Pokémon FireRed kapena LeafGreen. Koma makatiriji omwewo ali ndi kabatire koyendetsa wotchi ya mkati. Kakatha, gemu imakuuza poyamba pomwe kuti batire yauma, ndipo zotsatira zake n'zomwezo: ma berry osakula. Mwana amene wayima pamunda wake wa mu gemu akuona chinthu chimodzi. Koma china chimakonzedwa ndi pulogalamu, china ndi chitsulo chowotcherera cha Mayi aja. Ndipo onani kuti anthu okha, popanda wowauza, choyamba anachitcha glitch, chachiwiri amangoti batire yatha.

Zina ndi za 2024. Osewera ambiri okhala ndi ma CPU amphamvu a Intel a m'badwo wa 13 ndi 14 ankaona magemu, makamaka opangidwa ndi pulogalamu ya Unreal Engine, akuzima n'kulemba kuti memory ya vidiyo yatha, pamene khadi ili ndi malo ambirimbiri. Anthu anatukwana opanga magemu, ena anatukwana opanga makhadi. Pamapeto pake Intel inavomera kuti ma CPU amenewo ankalandira mphamvu ya magetsi yopyola muyeso ndipo ankafooka pang'onopang'ono, inatulutsa microcode (malangizo a mkati mwa CPU) yatsopano n'kuwonjezera zaka ziwiri pa waranti. Imene inali itawonongeka kale sinkachira ndi microcode. Apa ndiye muyeso wa Agogo umaterereka, chifukwa ukanapita ndi gemu kwa mnzako wa CPU yomweyo, mwina ikanazimanso, iwe n'kunena kuti wagwira glitch.

Opanga Guild Wars anatopa nazo zimenezi mpaka anaika kachigawo mu gemu kamene kankapatsa kompyuta masamu odziwika kale yankho, mobwerezabwereza, gemu ili mkati. Kompyuta ikalakwitsa, ankadziwa kuti malipoti ochokera kumeneko si oti ataye nawo nthawi. Patrick Wyatt, mmodzi wa oyambitsa kampaniyo, analemba kuti pafupifupi kompyuta imodzi mwa 100 iliyonse inkalephera mayesowo.

Tsono achimwene a Nankafumbwe, mwadumpha mfundo yofunika kwambiri imene Mayi ananena kumapeto. Inenso mlatho uja ukundikayikitsa. Gemu imasuntha galimoto modumphadumpha, kambirimbiri pa sekondi, ndipo pa kudumpha kulikonse imafunsa ngati yakhudza kanthu. Ukathamanga kwambiri n'kugunda pamene zidutswa ziwiri za msewu zimalumikizana, zimatheka kuti pa kudumpha kumodzi uli pamwamba, pa kotsatira uli kale pansi, ndipo palibe pamene gemu inaona kugundana. Zimenezo ndi zathu olemba khodi, si za fani. Mwina khadi itatentha inadzichepetsera liwiro, zithunzi za pa sekondi n'kuchepa, zimenezo n'kuthandizira. Koma bowolo ndikukhulupirira kuti lilipo ndithu. Musakangane ndi mng'ono wanu, mubwerekeni laputopu.

Nankafumbwe

Abale, ndabwera ndi lipoti, ndipo ndikulemba ndikumwetulira.

Loweruka ndinapita kwa mng'ono wanga. Poyamba anakana kundipatsa laputopu, akuti ndiipatsira matenda. Nditamuwerengera zimene a Khodi256 analemba anavomera, koma anati mayesero akhale 20 okha, ndipo iye akhala pambali kuwerenga. Galimoto yomweyo, msewu womwewo, mlatho womwewo. Maulendo 13 oyamba ndinangogunda chipupa n'kubwerera mumsewu ngati munthu wosadziwa kuyendetsa, iye akuwerenga mokweza ndi mawu a wolengeza mpira. Ndinaonanso vidiyo yanga ija pang'onopang'ono, ndipo ndinazindikira kuti sindinagunde chipupa chenicheni. Tayala la kumanzere linakwera kaye pa kachitsulo kamene kali polumikizira mlatho ndi msewu, pafupi ndi chikwangwani chachikasu. Ulendo wa 14 ndinalunjika pamenepo. Wa 14 sizinatheke, wa 15 sizinatheke. Wa 16, sipidi ili pa 208, galimoto inalowa pansi ngati mbewa kuuna. Thambo lili loyera bwinobwino, popanda kabokosi kobiriwira ngakhale kamodzi.

Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anandilanda padi. Iye zinamutengera maulendo 9.

Ndiye vidiyo yanga ija inali ndi zinthu ziwiri zosiyana zimene zinangokumana usiku umodzi, ndipo ine ndimamenyera nkhondo cholakwika. Tagwirizana motere: kugwa kwa pa mlatho kwalowa, 31 kwa 31. Thambo la kangaude silinalowe. Pa zimenezo ndatsatira a Liwiro, ndizitchulabe glitch pokamba, chifukwa Mayi andipatsa John Glenn ngati mboni ndipo sindimutaya, koma pointi ayi. Tatsegula foda yachiwiri imene iye waitcha "Odwala", ndipo a Kachiwala mukafuna tumizani padi yanu, malo alipo. Anayesa kunena kuti popeza naye wagwa pa mlatho ndiye apatsidwe pointi, ndamukumbutsa kuti lamulo loti glitch ndi ya amene wayamba kuiona analipanga yekha chaka chatha pamene zinkamukomera.

Za khadi: ndinaitsegula, ndinachotsa fumbi limene linali litaumbana ngati bulangeti, ndinapaka thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha) watsopano, ndipo fani yakufa ija ndaimangirira ina ya bokosi pamwamba pake ndi timawaya tiwiri. Tsopano siikudutsa 74. Minga yatha. Koma dzulo, patatha maola awiri, timabokosi titatu tobiriwira tinaphethira pakona ya kumanja kwa sikirini n'kuzimiririka, kutentha kuli pa 71 pokha. Mayi, kodi zikatero ndiye kuti VRAM inapsa kale, kapena pali chimene ndingayesenso? Ndaona ena akunena zotsitsa liwiro la memory pang'ono. Pakadali pano pulogalamu yojambulira ndikumaisiya yoyatsa nthawi zonse.